Kukagona pa loji ya kumudzi ku Kasungu: konzani ulendo wanu motere

Ambirife Kasungu timangomudutsa. Basi ikaima pa depoti timatsika kukagula tchipisi cha pachiwaya, kuwongola miyendo pang'ono, kenaka ulendo wa ku Mzuzu. Phiri lija timangolionera pawindo. Koma ukasiya tala n'kulowa msewu wafumbi umapeza dziko lina: minda ya fodya ndi mtedza yotambalala mpaka polekezera maso, madambo, mitengo ya miombo, ndi nkhalango ya nyama yachiwiri kukula m'Malawi muno. Kumeneko kuli malo ogona alendo osiyana ndi mahotela a m'tauni. Ena ndi nyumba za pafamu zimene eni ake anazikonza kuti zizilandira alendo, ena ndi tinyumba ta m'mbali mwa damu. Zipinda zimakhala zowerengeka, khonde lalikulu, ndipo amene wakuphikira nsima madzulo ndi yemweyo akupatse moni m'mawa.

Ndaona anzanga angapo akupita kumalo otere ndi maganizo a ku hotela ya m'tauni, n'kubwerako akudandaula, ndipo zimandiwawa chifukwa vuto silikhala malowo. Malo a kumudzi amakomera munthu amene wafunsiratu, amenenso sakuthamanga. Ulendo umene ndikufotokoze pano ndi wonyamuka Lachisanu n'kubwerera Lolemba, kugona katatu. Mukagona kamodzi kokha ndiye kuti mwangokalipirira bedi.

Choyamba, sankhani mwezi

Musanafunse mtengo wa chipinda, dziwani chimene mukukafuna, pakuti Kasungu wa mu Febuluwale ndi Kasungu wa mu Okutobala safanana m'pang'ono pomwe. Ngati mtima wanu uli pa nyama, pitani m'chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe mu Novembala. Udzu umakhala utauma kapena utapsa, timitsinje tambiri titaphwa, ndiye nyama zimasonkhana komwe kwatsala madzi. Okutobala amawotcha kwambiri masana, koma ndiyo nthawi yoona nyama mosavuta.

Ine mwezi wanga ndi Sepitembala. Miombo imaphuka masamba atsopano mvula isanadonthe n'kamodzi komwe, ena ofiira psuu, ena ngati mkuwa, asanasanduke obiriwira. Dzuwa la m'mawa likawomba pa masamba amenewo munthu umaimitsa galimoto osauzidwa.

Juni ndi Julayi kumazizira. Derali lili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo m'bandakucha pafupi ndi dambo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Misewu imakhala yabwino, udzudzu wochepa, koma udzu ukadali wautali ndipo nyama zimabisika. Dzinja nalo lili ndi zake: masuku, bowa wa utale m'mbali mwa msewu, mbalame zochuluka, fodya ali biriwiri m'minda. Kungoti walira mvula walira matope. Misewu ina ya m'nkhalango siyendeka, ndipo galimoto yaing'ono mukhoza kuisiya m'dambo.

Chachiwiri, imbani foni, ndipo musachite manyazi kufunsa

Apa mpamene pagona ulendo wonse. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa bedi loyalidwa bwino ndi maluwa a pakhonde, koma sizinena ngati mlatho wa pa kamtsinje kapafupi ukadalipo. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wabwino posungira umboni wa zimene mwagwirizana, koma poyamba imbani, mumve mawu a munthu.

Yambani ndi msewu. Mufunse kuti kuchokera pa tala ndi makilomita angati, ndipo mutchule mtundu wa galimoto yanu. Musafunse kuti "Kodi msewu uli bwino?" chifukwa Mmalawi aliyense akuyankhani kuti uli bwino, safuna kukukhumudwitsani. Funsani kuti, "Galimoto yomaliza kufika kumeneko inali yotani, ndipo inafika liti?" Yankho la funso limenelo ndiye loona.

Kenaka chakudya. Malo ambiri a kumudzi sasunga ndiwo zambiri m'firiji. Amagula malinga ndi alendo amene anena kuti akubwera, ndipo nkhuku ya chikuda imene mudye madzulo mwina m'mawa inali ikuyenda pabwalo. Nkhuku yotere siipsa msanga. Choncho nenani kuti mulipo angati, ana angati, mufika nthawi yanji, ndiponso ngati pali wina amene sadya zinazake. Mungonena kuti, "Pepani mayi, tikubwera anthu anayi, awiri ndi ana, tifika cha m'ma 4 koloko. Mutikonzeretu nsima ya mgaiwa, nkhuku ndi nkhwani wotendera." Amasangalala kumva zotere, chifukwa mwawapeputsira ntchito.

Ine phunziro limeneli ndinalilandira ndi ana m'galimoto. Tinafika pa loji ina mdima utagwa kale, osanena za chakudya, tikuganiza kuti tikangokhala pansi atipatsa pepala loti tisankhepo. Tinapeza kukhitchini atatseka, ophika atapita kwawo kumudzi wina, golosale yapafupi ili kutali. Ana anayamba kulira. Bambo amene ankalondera usiku umenewo anatiyang'ana, osanena zambiri, n'kupita kumoto wawo kukatenga mbatata zimene anawotcha kuti adye okha. Anatigawira zonse. Mpaka lero ndikamva fungo la mbatata yootcha ndimakumbuka bambo amene uja, ndipo sindinyamukanso osanena za chakudya. Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula.

Funsaninso za magetsi: akathima pali sola kapena jenereta, ndipo jeneretayo amazimitsa nthawi yanji? Amene ali ndi mankhwala ofunika kukhala pozizira afunsitse kawiri. Za madzi osamba, malo ena amachita kukoleza moto pa thanki, ndiye madzi otentha amapezeka m'mawa ndi madzulo basi. Palibe choipa pamenepo, bola mwadziwiratu. Madzi akumwa ndi a pamjigo kapena mubwere ndi anu? Bedi lililonse lili ndi neti? Netiweki imene imagwira kumeneko ndi ya Airtel kapena ya TNM? Kawirikawiri imagwira imodzi, mwinanso pamalo amodzi okha pabwalo, ndipo antchito onse amawadziwa malowo.

Pomaliza ndalama. Mtengo umene akuuzani ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi? Chakudya cha m'mawa chili momwemo? Akafuna kuti mutumiziretu ina pa Airtel Money kapena Mpamba, onetsetsani kuti dzina limene latuluka pa foni musanatsimikize ndi lomwe akuuzani, ndipo uthenga wa malipirowo musaufufute. Akuba a pafoni amatsegula masamba onamizira maloji, choncho ngati mungathe, pezani wina amene anagonako akupatseni nambala yeniyeni.

Chachitatu, katundu

Tochi ya munthu aliyense, osadalira ya pafoni. Juzi, ngakhale mu Okutobala. Nsapato zotseka zoyendera m'tchire, chipewa, mafuta othamangitsa udzudzu, mankhwala anu a masiku onse, ndi chigubu cha madzi cha malita 5 chokhala m'galimoto nthawi zonse. Chiphaso cha unzika musaiwale, chifukwa pachipata cha nkhalango Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, ndipo umboni wake ndi chiphasocho. Tengani ndalama zapamanja, zosinthasintha, popeza kumudzi chenje chimavuta. Amayi, chitenje chikhale pafupi, mudzachifuna polowa m'mudzi.

Zovala zabuluu ndi zakuda zisiyeni kunyumba. Chifukwa chake ndinena tikafika ku gemu, nkhalango ya nyama ija.

Chachinayi, msewu

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Kasungu ndi makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kudutsa pa Lumbadzi, Mponela, Madisi, mlatho wa Bua ndi Chinkhoma. Ochokera ku Mchinji safunika kuzungulira ku Lilongwe, pali msewu wopatukira pa Kamwendo wodzera ku Santhe. Nyamukani chakudya cha masana chisanakwane. Lamulo langa ndi lakuti dzuwa lisandilowere ndili pa msewu wafumbi umene sindiudziwa. Usiku mphambano zonse zimafanana, ngolo ndi njinga zilibe nyali, ndipo wofunsa njira sapezeka.

Pa boma la Kasungu imani ndithu. Thirani mafuta odzadza thanki, tapani ndalama ku banki, pimitsani mpweya wa matayala onse pamodzi ndi la sipeya, ndipo onani ngati jeke ndi sipanala zilimo. Gulani zipatso, buledi ndi zina zimene ana amakonda. Mukachoka pamenepa zinthu zimenezi zimasowa.

Opanda galimoto asataye mtima. Basi kapena minibasi ikutulani pa boma, ndipo kuchokera pamenepo mukhoza kupangana ndi mwini galimoto ya hayala kapena wa kabaza wa njinga yamoto. Afunseni a pa lojiwo akupatseni munthu amene amamudziwa, ndipo mugwirizane mtengo wopita ndi wodzakutengani musanakwere. Koma ku nkhalango ya nyama kumafunika galimoto, njinga yamoto simungaonere njovu.

Chachisanu, tsiku lofika musapite kulikonse

Mukalandira kiyi, onani chipinda kukadali kowala. Tambasulani neti muone ngati ilibe zibowo, tsegulani mpopi, yesani loko wa chitseko, funsani komwe kuli kandulo kapena nyali. Ngati pali chosakhala bwino nenani pompo, mwaulemu, antchito asanaweruke. Mukatero khalani pakhonde.

Ndikudziwa kuti munthu wa m'tauni zimamuvuta. Mwalipira ndalama, ndiye mtima umafuna kuti muyambe kuona zinthu nthawi yomweyo. Koma chimene mwalipirira kwenikweni ndi chimenechi: ng'ombe zikubwerera kukhola fumbi lili koboo, nkhanga zikulira kudambo, utsi wa m'makhitchini ukuyenda chapansipansi, kenaka mdima wa bii umene ku Lilongwe tinauiwala, nyenyezi zili ngundangunda. Ana amene anakulira pansi pa magetsi amayamba aopa, kenaka safunanso kulowa m'nyumba.

Madzulo omwewo chezani ndi antchito. Apatseni moni wokwanira, afunseni za kunyumba, muwatchule kuti bambo, mayi, achimwene kapena achemwali monga mwa msinkhu wawo. Mlonda ndi wosamalira maluwa ndiwo amadziwa njira yachidule yopita kudambo, tsiku la msika wapafupi, mudzi umene kuli mganda kapena chimtali sabata imeneyo, ndi mlatho umene wathyoka. Zimenezi simungazipeze pa intaneti. Muwauzenso ophika kuti mawa mudzuka m'bandakucha, akukonzereni tiyi m'fulasiki ndi kamba wa panjira: mazira owiritsa, chigumu, mtedza wokazinga.

Chachisanu ndi chimodzi, Loweruka ku gemu

Anthu a kuno nkhalango ya Kasungu amangoti ku gemu, ndipo oyang'anira ake amawatchula kuti a gemu. Inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970, kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300, ndipo imaposedwa ndi Nyika yokha. Kumadzulo imachita malire ndi Zambia, komwe kulinso nkhalango ya Lukusuzi, ndipo nyama sizidziwa malire amenewo. Kuchokera pa boma kukafika pa chipata cha Lisitu ndi makilomita opitirira 30, msewu wosafuna liwiro, ndipo kuchokera pachipata mumayendanso ndithu kuti mufike pa damu la Lifupa, pamene pali loji ndi malo omanga matenti. Amene mwasankha kugona pa Lifupa pomwepo mwapeputsa zambiri, chifukwa nyama mumazionera pakhonde.

Fikani pachipata m'mawa kwambiri. Nyama zimayenda kukadali kozizira, dzuwa likakwera zimalowa m'mithunzi. Lipirani, sungani lisiti, funsani nthawi yotseka chipata, ndipo pemphani kuti mmodzi wa a gemu akwere nanu. Ndalama imene muwonjezere pamenepo musaiwerengere. Nkhalango ya miombo ndi yowirira, si chigwa choyera ngati zimene timaona pa kanema, ndipo munthu wosazolowera akhoza kudutsa gulu la njati lili chapafupi osaliona. Wa gemu amawerenga mapazi, ndowe, nthambi yothyoka kumene, ndi kulira kwa mbalame.

Ndinene mosabisa: ku Kasungu nyama sizimwazika paliponse. Mukhoza kuyenda ola lathunthu mukungoona mitengo, anyani ndi njiri zikuthawa michira ili m'mwamba. Mbiri yake ndi yowawa. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000, koma opha nyama mozemba anazitha mpaka pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Chitetezo chitalimba zinayamba kuswananso, ndipo mu 2022 boma pamodzi ndi mabungwe oteteza nyama a African Parks ndi IFAW anasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde kubwera nazo kuno, limodzi ndi nyama zina monga njati, nswala ndi mphalapala. Choncho njovu iliyonse imene muone ili ndi nkhani yake. Yendani pang'onopang'ono, zimitsani wailesi, ana alankhule monong'ona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukakumana ndi njovu imani patali, injini musazimitse, ndipo onetsetsani kuti muli ndi kobwerera. Musalize hutala. Musalowe pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake. Ikatambasula makutu, kupukusa mutu n'kuyamba kukuyandikirani, ikukuuzani kuti muchoke, ndiye bwererani m'mbuyo mosathamanga. Chimene wa gemu wanena chitani pompo, mafunso mufunse pambuyo. M'galimoto musatsike pokhapokha iye atalola.

Tsopano za zovala zija. M'nkhalango muno muli kashembe, ntchentche yoluma ngati singano, ndipo imakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, komanso chinthu choyenda ngati galimoto. Valani zotuwa kapena za khaki, za manja aatali. Podutsa m'malo owirira tsekani mawindo. Kashembe wina amafalitsa matenda a kaodzera. Si kuluma kulikonse kumene kumadwalitsa, koma mukabwerera kunyumba n'kuyamba kutentha thupi, mutu, kapena pamene munalumidwa patatupa n'kuchita chilonda, pitani kuchipatala msanga ndipo muwauze adokotala kuti munali ku gemu ya Kasungu. Mawu amenewo ndi ofunika, chifukwa zizindikiro zake zoyamba zimafanana ndi za malungo. Mankhwala alipo ndipo munthu amachira akafulumira.

Masana khalani pa damu la Lifupa. Mvuu zimakhala m'madzi, maso ndi makutu okha ali pamtunda, zikufwenthera ndi kukuwa. Nkhwazi imalira pamtengo wouma. M'chilimwe njovu zimatsikira pomwepo kudzamwa. Apa simufunika kuyendanso, khalani pamthunzi, dyani kamba wanu, dikirani. M'damumo musasambe, ndipo ana asayandikire m'mphepete. Mvuu imaoneka yaulesi koma imathamanga kuposa munthu, ndipo usiku imatuluka kukadya udzu. Ogona pa Lifupa asayende mumdima popanda mlonda.

Chinthu chimene alendo ambiri amachiphonya ndi cha anthu, osati nyama. M'nkhalangomu munali midzi kale. Muli ng'anjo zimene makolo athu ankasungunuliramo chitsulo chopangira makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndiponso zojambula zakale pamiyala. Pemphani wa gemu akutengereni ngati msewu ukulola. Ine nditaima koyamba pafupi ndi ng'anjo yadothi imeneyo ndinakhala chete nthawi yaitali. Kusukulu tinkaphunzira za zitsulo ngati kuti zinabwera ndi sitima, chonsecho anthu a kuno ankafukula miyala, kuotcha makala, kupopa mivukuto usiku wonse mpaka chitsulo chitatuluka. Ana anu akaone zimenezi ndi maso awo. Musatolepo kanthu, ngakhale kaphale, ndipo zojambulazo musazikhudze kapena kulembapo dzina. Dzuwa likapendeka, ngati nthawi yotuluka ikulola, kwerani pa thanthwe la Black Rock muone nkhalango yonse ili pansi panu.

Pobwerera mudutsa m'midzi yoyandikana ndi mpanda wa nkhalango. Pamenepa samalani pakamwa. Njovu imene inu mwaijambula mokondwa, kwa mlimi wa pamenepo ndi imene inamudyera chimanga cha chaka chonse usiku umodzi. Chibwerere njovu zija minda yawonongeka m'midzi ina ndipo pali mabanja amene anataya abale awo. Mpanda wamagetsi wakhala ukumangidwa mbali ya kum'mawa, koma mantha sanathe. Wina akayamba kukufotokozerani, mvetserani, musamuphunzitse za ubwino wa nyama. Ndipo ngati mukufuna kuti nkhalangoyi ikhalepo mpaka adzukulu anu, gulani uchi, tomato ndi mtedza kwa anthu amenewa, kuti nawonso aone phindu la alendo.

Chachisanu ndi chiwiri, Lamulungu: phiri ndi Mtunthama

Amene miyendo ikadali yolimba akwere phiri la Kasungu m'mamawa, dzuwa lisanapse. Tengani munthu wa komweko wodziwa njira, a pa loji akupezerani. Njira ndi yotsetsereka ndipo miyala imaterera, choncho madzi m'chikwama, manja akhale opanda kanthu. Pamwamba mumaona tauni yonse, damu la Chitete, ndi chigwa cha minda mbali zonse. M'munsi mwa phirili muli Nguru ya Nawambe, nyumba ya Dr Hastings Kamuzu Banda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, amene kwawo kunali konkuno. Si malo ongolowa, muionere patali. Koma mufunseni wokuperekezaniyo za dzinalo, akusimbireni za nkhondo ya Achewa a Mwase ndi Angoni imene inamenyedwa pa phiri limeneli. Nkhani yotere imakoma kuimvera pamalo pomwe inachitikira.

Mukatsika, ngati ndinu opemphera, lowani m'tchalitchi cha pafupi. Mlendo amamuimiritsa kuti adzitchule, ndiye konzekani kunena dzina, kumene mwachokera ndi mpingo wanu.

Masana lowerani kum'mawa, msewu wa ku Nkhotakota, makilomita pafupifupi 30 mpaka pa Mtunthama. Kumeneko kuli Kamuzu Academy, sukulu imene Kamuzu anaitsegula mu 1981, yotchuka ndi kuphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Nyumba zake za njerwa zofiira, nsanja ya wotchi ndi dziwe la kutsogolo zimadabwitsa munthu akangotulukira kuchokera m'minda ya fodya. Pafupi pomwepo pali mtengo wa kachere umene Kamuzu anaphunzirapo ali mwana, ndipo umasungidwa ngati chikumbutso cha dziko. Iyi ndi sukulu, ana amagonera pomwepo, choncho pemphani chilolezo masiku angapo musanapite. Mukangotulukira pachipata akakubwezani, alonda sanalakwe.

Dera lomweli ndi la Wimbe, kwawo kwa William Kamkwamba, amene ali mnyamata wa zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi zida za njinga, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala. Auzeni ana nkhani imeneyi mukudutsa m'minda yomweyo. Koma pakhomo pa anthu si malo okaona ngati paki, musapiteko popanda kuitanidwa.

Poyenda wapansi m'midzi

Izi zilibe tsiku lake, ndi za nthawi iliyonse imene mwatuluka pa loji. Ulendo wapansi wa ola limodzi m'mawa kapena madzulo, kutsata njira ya kudimba kapena ya kumjigo, nthawi zina umaposa ulendo wa pagalimoto. M'miyezi ya Januwale mpaka Malichi mupeza anthu akuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Chakutsogolo amasankha masamba ndi kudinda mabelo ndi jeke, ndipo kuyambira cha mu Epulo malole amakhala ali pamzere kupita ku okushoni ya Chinkhoma. Imani, perekani moni, funsani. Mlimi amakonda kufotokoza ntchito yake kwa munthu amene wafunsa mwaulemu, ndipo mudzadziwa thukuta limene lili mu belo limodzi.

Pofika pakhomo nenani "Odi" ndipo dikirani akuyankheni. Akakupatsani mpando kapena mphasa khalani kaye, moni umabwera munthu atakhala pansi. Kwa akuluakulu ombani m'manja pang'ono, "Wawa" kapena "Zikomo" asachoke pakamwa. Ngati mukufuna kuzungulira mudzi kapena kuonera gule, yambirani kwa a mfumu, ndipo kangachepe kamene mwatenga kaperekeni kudzera kwa amene wakuperekezani. Kamera isatsogole. Funsani musanajambule munthu, nyumba yake kapena ana ake. Ana musawaponyere maswiti kapena ndalama pawindo la galimoto, zimawaphunzitsa kuthamangira magalimoto ndipo ngozi zake n'zoopsa. Kumpoto kwa bomali, cha ku Nkhamenya, mumva Chitumbuka, ndiye "Monire" wanu akhale pafupi.

Mukaona kankhalango kowirira kali pakati pa minda yoyera, amenewo ndi manda. Musalowemo kukafuna mthunzi kapena kudzithandiza, ndiponso musathyolemo kanthu. Kuno ndi kwa Achewa, ndipo malo amenewo ndi a Gule Wamkulu. Mukakumana ndi gule panjira patukani, mupatseni njira yonse. Wapagalimoto achepetse liwiro kapena aime. Ngati mukufuna kufupa, ndalama ikani pansi, osapereka pamanja, ndipo musamutchule kuti ndi munthu kapena kufunsa kuti wavala ndani. Kujambula pokhapokha eni mudzi atalola.

Masamba obiriwira atayalidwa modutsa msewu ndiye kuti pali maliro. Chepetsani liwiro kwambiri, zimitsani nyimbo, vulani chipewa. Wapanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri.

Lolemba, ponyamuka

Bilu ipempheni usiku wa Lamulungu kuti muione mosathamanga, chifukwa m'mawa netiweki ikhoza kukana ndipo amene amasunga buku mwina sanafike. Zakumwa ndi chakudya zifanane ndi zimene munaitanitsa. Kenaka kumbukirani anthu amene simunawaone kwambiri: amene anakoleza moto wa madzi anu 4 koloko m'bandakucha, amene anachapa zofunda, amene anakhala maso usiku wonse pafupi ndi galimoto yanu. Funsani ngati pali bokosi la antchito onse. Ngati palibe, apatseni m'manja mmodzimmodzi, ndi manja awiri, mukuthokoza. Chimene sichinakusangalatseni muuzeni woyang'anira pamaso, musanakalembe pa intaneti. Malo ang'onoang'ono otere mawu amodzi oipa amawagwetsa, chonsecho mwina chinali chinthu chokonzeka tsiku limodzi.

Siyani malo m'galimoto a katundu wa kumudzi. Mtedza wa ku Kasungu ndi wonona, gulani wosasenda ngati mukufuna usungike, ndipo pewani wofufuma nkhungu kapena wonyowa. Uchi, nsinjiro, mbatata, ufa wa mgaiwa, mfutso, zonsezi zimapezeka malinga ndi nyengo. Pa mtengo nenererani pang'ono monga mwa chizolowezi, koma musafinye mayi amene wayenda mtunda ndi lichero pamutu. Zinthu ziwiri zokha musagule ngakhale zitatchipa motani: nyama ya m'tchire ndi makala. Zonsezi zimachokera m'nkhalango yomwe mwakhala mukuisirira masiku atatuwa, ndipo nyamayo ikapezeka m'galimoto yanu pa rodibuloko ndi mlandu waukulu.

Musananyamuke zungulirani galimoto muone matayala, chifukwa minga ya m'tchire imaphwetsa pang'onopang'ono usiku. Gwedezani nsapato musanavale, suzumirani pansi pa bedi ndi pa soketi pomwe munasiya tchaja. Tengani nambala ya bambo kapena mayi amene anakuthandizani kwambiri, kuti ulendo wina mudzawafunse okha za msewu. Mukatsanzikana ndi onse, nyamukani cha m'ma 9 koloko, mukapime mpweya pa boma, ndipo ku Lilongwe mukafika nsima ya masana isanapole.